Nambala Siitsegula Ngalande

Mng'ono wanga anafika panyumba tsiku lina m'madzulo nkhope ili yakugwa, nsapato zili m'manja cifukwa ca matika a mu Kanyama. Ali m'caka cothela ku yunivesiti, aphunzila kemisitili. Kwa miyezi ingapo anali kutisokosa na nkhani imodzi: njelwa zoyala pansi zimene anyamata ena amaumba posungunula mapulasitiki n'kusakaniza na mcenga. Anali kufuna kudziwa ngati njelwazo zingapilile dzuwa la mu October kwa zaka zambili, komanso cimene cili mu utsi umene anyamatawo amapuma poziumba. Tsikulo anakhala pansi n'kukamba kuti nkhaniyo waileka. Munthu wina wamkulu kusukulu kwawo anamuuza kuti kafuku-fuku wa conco ni wa kukomboni, palibe amene adzauchula. Kenako ananionetsa foni. Panali cithunzi ca pulofesa wina wa kunja, katswili wa mapulasitiki, ndipo pambali pa dzina lake panali nambala yaitali monga ya foni.

"Ba sisi, onani," anatelo. "Uyu ndiye wasayansi. Ine nisewela cabe."

Ine nimaphunzitsa sayansi ku sekondale, ndipo usiku umenewo sin'nagone. Pulofesa uja nilibe naye mlandu. Sinimudziwa, ndipo n'kutheka kuti nambala yake anaikhetsela thukuta. Mlandu wanga uli na ise amene tayamba kugwadila nambala, mpaka kuuza mtsikana wanzelu kuti funso lake n'lacabe-cabe cifukwa lacokela kumene iye amagona. Imwe anzanga a Giledi 12 na a m'makoleji amene mumalota za kukavala jasi loyela la mu labu, nkhani iyi ni yanu, cifukwa nambala imeneyi idzakupezani na imwe.

Tiyambe tamvana kuti nambalayo ni ciani. Wasayansi akatsiliza kufufuza cinthu, amalemba pepala n'kulitumiza ku magazini ya asayansi. Wina akadzalemba lake n'kuchula pepala lija kuti ndiye kumene anatengako mfundo, ndiye kuti mwini wake wachulidwa kamodzi. Pacizungu amati citation. Amene anayambitsa zowelenga kuchulana kumeneku ni Eugene Garfield wa ku Philadelphia, ku America. Anafotokoza maganizo ake mu 1955, ndipo mu 1964 anatulutsa mabuku ochedwa Science Citation Index. Colinga cinali cabwino: kuthandiza wofufuza kulondola mfundo kucoka pa pepala ili kupita pa lina, monga mlenje alondola mapazi a nyama. Koma cida colondolela mapazi cinasanduka sikelo yopimila anthu.

Mu 2005, Jorge Hirsch wa ku San Diego anawonjezela cipimo cina cochedwa h-index. Ngati uli na mapepala 10 ndipo lililonse lachulidwa kosacepela ka 10, h yako ni 10. Cioneka ca nzelu, koma citani masamu. Munthu amene analemba pepala limodzi cabe, limene linasintha dziko n'kuchulidwa ka 10,000, h yake ni 1. Amene analemba tumapepala 20, kalikonse n'kuchulidwa ka 20 na anzake, h yake ni 20. Pa sikelo imeneyi waciwiliyu alemela kuwilikiza ka 20. Lelo m'maiko ambili manambala otele amayanganiwa polemba munthu nchito, pomukweza pa udindo na pogawa ndalama za kafuku-fuku.

Popeza mng'ono wanga anagonja pamaso pa katswili wa mapolima, tiyeni tiipime nambalayo m'munda wa mapolima momwemo. Polima ni molekyu yaitali monga mkanda: tinthu tung'ono-tung'ono tofanana, tolumikizana masauzande. Cigubu ca madzi ni polima. Patapata, wigi, jezi ya pa salaula, paipi, cimpombwa cimene tinali kuchaya tili ana, zonse ni mapolima. Thonje la kum'mawa na sitachi ya mu unga wa nsima, nazonso ni mapolima, opangiwa na cilengedwe. Lelo mwana wa sukulu amalemba zimenezi pa mayeso. Zaka 100 zapitazo, munthu amene anali kuzikamba anali kusekewa.

Dzina lake ni Hermann Staudinger, wa ku Germany. Mu 1920, pamene anali kuphunzitsa ku Zürich, anafalitsa pepala lokamba kuti mphila na zinthu zina zotele ni maunyolo aatali omangana zolimba. Akatswili ambili a nthawiyo anali kukhulupilila kuti ni tumamolekyu tung'ono tongounjikana, monga nyelele pa shuga. Staudinger sanangokangana pakamwa. Mu 1922, iye na Jakob Fritschi anatenga mphila n'kutseka na haidilojeni malo amene anzawo anali kukamba kuti ndiye pamene tumamolekyuto tumagwililana. Ukanakhala mulu cabe, ukanamwazika. Sunamwazike. M'pepala limenelo ndimo anayamba kugwilitsila nchito liwu limene lelo timati macromolecule, kutanthauza molekyu yaikulu.

Kodi anamuombela m'manja? Iyai. Ena anali kucha nchito yake kemisitili ya magilisi. Heinrich Wieland, amene anapatsiwa mphoto ya Nobel ya 1927, anamulangiza monga mnzake kuti aleke maganizo a mamolekyu aakulu, angoyeletsa bwino mphila yake ndipo adzaona yekha kuti ni tung'ono. Pa msonkhano wa ku Düsseldorf mu 1926, Staudinger anaima pafupi-fupi yekha pakati pa akatswili omutsutsa. Umboni wamphamvu unadzacokela ku America, kumene Wallace Carothers wa kampani ya DuPont anayamba kumanga maunyolowo mfundo na mfundo mu labu, mpaka mu 1935 gulu lake linapanga nailoni. Mphoto ya Nobel inamupeza Staudinger mu 1953, ali na zaka 72, patapita zaka 33 kucokela pa pepala lija. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Musanimve molakwa. Staudinger sanali waulesi polemba. Analemba mapepala pafupi-fupi 500 okamba za mamolekyu aakulu. Koma ukulu wake suli mu 500. Uli mu mfundo imodzi imene anaigwila zolimba pamene gulu linali kumuseka. Cikanakhala kuti mu 1926 coonadi cinali kusankhiwa powelenga kuti ambili ali mbali iti, akanaluza. Ndipo onani ici: amene anali kuchula dzina lake pomutsutsa, pa kompyuta ya lelo akanawelengewa mofanana na amene anali kumutama. Kompyuta siidziwa kusiyanitsa dzina lochulidwa pa ukwati na dzina lochulidwa ku khoti.

Ngati muganiza kuti nikuza nkhani, mvelani za madzi acilendo. Mu 1962, Nikolai Fedyakin wa ku Soviet Union anaona madzi odabwitsa m'tumacubu twa galasi toonda monga tsitsi. Anali onanda, olemela, ndipo sanali kuundana pa kuzizila kumene madzi wamba amaundana. Boris Derjaguin, wasayansi wochuka wa ku Moscow, anaitenga nkhaniyo n'kuifikitsa ku maiko ena. Mu 1969 asayansi a ku America anawapatsa dzina lakuti polywater, poganiza kuti madzi nawonso apanga maunyolo monga polima. Mapepala mahandiledi analembewa, onse akuchulana. Wina anacita kucenjeza kuti madziwo akathawa mu labu angawononge madzi onse a padziko. Mapeto ake? Anali madzi wamba odetsedwa na tinthu tosungunuka ku galasi na zonyansa zina. Denis Rousseau wa ku Bell Labs anapima thukuta lake n'kupeza kuti lionetsa zizindikilo zofanana na za madziwo. Mu 1973 Derjaguin anavomela kuti panalibe madzi atsopano. Nambala zinali zokongola zaka zonsezo. Cikome-kome ca mkuyu, mkati muli nyelele.

Manje ikani pambali pake mzimayi wina dzina lake Stephanie Kwolek. Analibe PhD. Anatsiliza digili yoyamba ya kemisitili mu 1946 n'kulowa nchito ku DuPont, akuganiza kuti asungeko ndalama zokaphunzilila udokotala, koma nchitoyo inamukoma n'kukhalilila. Mu 1965, pofufuza ulusi wolimba wa m'matayala, anasungunula polima ina n'kupeza madzi osaoneka bwino. M'malo mokhala onanda komanso oonekela mkati monga mwa masiku onse, anali amadzi-madzi komanso otuwa monga mkaka wosukuluka. Wina akanangowataya. Woyendetsa makina opota ulusi poyamba anakana kuwaika, poopa kuti adzatseka tumabowo. Kwolek anaumilila. Ulusi umene unatuluka ndiwo unabala Kevlar, imene inayamba kugulitsiwa mu 1971. Mukaipima kulemela kofanana na citsulo, ni yolimba kuwilikiza ka 5. Ili m'zovala zochinga zipolopolo, m'zisoti za asilikali, m'magulovu a ogwila nchito na zinthu zakuthwa.

Nchito yaikulu ya Kwolek inalembewa m'mapatenti, zikalata zoteteza cinthu cimene munthu watulukila, ndipo mwini wa cotulukilaco anali kampani. Wapolisi amene cipolopolo cinaima pa cifuwa cake sanalembe pepala lochula Kwolek. Anangobwelela kunyumba kukadya na ana ake. Niuzeni, ni kompyuta iti imene imawelenga zimenezo?

Koipitsitsa ni uku: ukauza anthu kuti cakudya cawo cidalila nambala, amaleka kulima sayansi n'kuyamba kulima nambala. Kafuku-fuku mmodzi wokwana pepala limodzi amapimiwa m'tumapamela, kuti atuluke mapepala anayi. Ena amadzichula okha pa tsamba lililonse. Ena ali na cilimba: mwezi uno nikuchula iwe, mwezi wa mawa unichule ine. Kwabuka na makampani amdima amene amalemba mapepala abodza n'kugulitsa malo a dzina kwa aliyense wa ndalama. Mu 2023 mokha, mapepala a sayansi opitilila 10,000 anafafaniziwa padziko lonse, ndipo opitilila 8,000 anali a m'magazini a kampani imodzi, ya Hindawi. Asayansi eni-ake anaiona mphepo kudala. Mu December 2012, gulu la asayansi na akonzi a magazini linakumana ku San Francisco n'kulemba cikalata cochedwa DORA, copempha kuti munthu azipimiwa na zimene zili mu nchito yake, osati na kuchuka kwa magazini imene walembamo. Kumene sikeloyo inabadwila ayamba kuikayikila. Ise ndiye tiigwile na manja awili?

Ndipo mpikisano umenewu sitiuyambila pa mzele umodzi. Asayansi ambili amene amalemba na kuchulana ali ku America, ku Europe na ku China, ndipo amachula zimene zikhudza mafunso awo. Palibe coipa pamenepo, aliyense amakanda pamene pamunyeleza. Koma zitanthauza kuti funso la ku Kanyama liyamba mpikisano lili kumbuyo, olo likhale labwino bwanji. Palinso nkhani ya ndalama. Magazini ambili ni ogulitsa, ndipo ngati ufuna kuti pepala lako liwelengewe na aliyense mahala, kawili-kawili umalipila ndiwe wolemba. Mu 2021 magazini ya Nature inaika mtengo wa mayulo 9,500 pa pepala limodzi. Sinthani ndalama zimenezo m'makwaca, ndiye mukaziyelekezele na malipilo a mphunzitsi. Mwana amene athamanga wopanda nsapato pa miyala simungamuche waulesi cifukwa wafika mocedwa.

Nidziwa kuti wina akamba kale kuti: ba ticha, mukamba conco cifukwa imwe mulibe nambala. Ni zoona, nilibe. Ndipo nivomele zina. Kuchulana pakokha ni mwambo wabwino. Mutu umodzi susenza denga, ndipo wasayansi akachula mnzake amakhala akubweza nkhongole, akuonetsa poyela phewa limene wapondapo. Nthawi zambili pepala lochulidwa kwambili limakhaladi labwino. Ndipo nthawi zina pepala limene palibe alichula limakhala kuti ni losathandiza basi. Sinifuna kuti wina atenge mau anga n'kupanga cobisalilamo ca ulesi. Ngati mng'ono wanga afufuza njelwa zake, azipime mosamala, abweleze kupimako kambili, alembe zonse poyela, ndipo alole akatswili amutsutse. Kukhala wa kukomboni si cifukwa cocitila sayansi ya mwai-mwai. Komboni ifunika sayansi yolimba kupambana, cifukwa ikalakwika, amene amavulala ni anthu amene uwadziwa maina.

Tengani citsanzo ca pepala lochuka limene liyeneladi kuchuka. Mu 2017, Roland Geyer, Jenna Jambeck na Kara Lavender Law anawelengela mapulasitiki onse amene anthu anapanga. Anapeza matani 8,300 miliyoni. Pofika mu 2015, matani 6,300 miliyoni anali atasanduka zinyalala. Pa zinyalalazo, 9 pelesenti cabe ndiyo inakonzewanso, 12 pelesenti inatenthewa, ndipo 79 pelesenti inaunjikana m'malo otayila zinyalala na m'cilengedwe. Pepala limeneli lachulidwa masauzande, ndipo n'loyenela. Linatsegula maso a dziko.

Koma 79 pelesenti imeneyo ise sitiiwelenga m'magazini. Timaipondamo. Mvula ikagwa mu Lusaka, mabotolo na tumapulasitiki zimatseka ngalande, madzi amaima, amalowa m'zimbudzi za mugodi na m'zitsime zosazama. Tinaona kolela mu 2017 na 2018. Tinaionanso mu 2023 na 2024, pamene Heroes Stadium inasanduka cipatala ndipo masukulu anacedwa kutsegula. Pulasitiki siyambitsa kolela, koma ngalande yotsekeka imaitsegulila njila. Boma linaika lamulo mu 2018, Statutory Instrument No. 65, loletsa mapulasitiki onyamulilamo katundu opyapyala kucepela mamaikiloni 30. Lamulo lilipo. Ngalande nazonso zikali zodzala. Pepala la Geyer na anzake silingatiuze kuti m'ngalande ya kumbuyo kwa msika wathu muli mapolima ati, ocokela kuti, na amene angasanduke cinthu cogulitsa. Sinali nchito yawo. Ni yathu.

Mafunso ali mbwee, angoyembekezela munthu. Amayi athu amakoleza mbaula na pulasitiki m'mawa uliwonse, nkhope ili pafupi na malasha. Tidziwa kuti PVC ikapsa imatulutsa mpweya wa asidi na poizoni wochedwa dioxin, koma n'ndani akapime zimene zili mu utsi wa pa mbaula zathu? Zigubu zimene timasungilamo madzi akumwa zinabwela na zinthu zina poyamba, ndipo zimakhala pa dzuwa tsiku lonse. N'ziti zili bwino, n'ziti ziyenela kutayiwa? Yanganani pansi pa botolo, mudzaona kanambala m'kati mwa mivi itatu: 1 ni PET ya mabotolo a zakumwa, 2 ni HDPE ya zigubu, 3 ni PVC ya mapaipi, 4 ni LDPE ya tumapulasitiki tofewa, 5 ni PP ya mabakete na masaka a unga. Iliyonse imasungunuka pa kutentha kwake-kwake, ndipo ukazisakaniza mwacisawawa, cimene upanga cimathyoka. Amayi amene amatola zinyalala ku Chunga amazisiyanitsa na dzanja, na maso, na kulila kwake zikafinyiwa.  Nzelu zawo zikakumana na labu ya mwana wawo, pangatuluke cinthu cimene pulofesa wa kutali sangacilote, cifukwa sanaponde m'matika athu.

Conco imwe amene mudzalowa m'sayansi, mukaona nambala yaitali pambali pa dzina la munthu, musagwade ndipo musanyoze. Funsani mafunso amene nambala siingayankhe. Kodi munthuyu anapeza ciani cimene sicinali kudziwika? Kodi ena atabweleza nchito yake anapeza zofanana? Kodi pali amene umoyo wake unasintha cifukwa ca zimenezo? Ngati mayankho alipo, mupatseni ulemu wake wonse, kaya h yake ni 3 kapena 100. Ngati palibe, nambalayo ni ng'oma cabe. Ndipo imwe akulu-akulu amene mumasankhila ana athu mitu ya kafuku-fuku na kugawa maudindo, welengani nchito ya munthu, osati cabe kutalika kwa nambala yake. Kuwelenga kumatenga nthawi, nidziwa. Ndiye nchito imene mumalipilidwa.

Zonsezi n'namuuza mng'ono wanga usiku wotsatila, tili pa mbaula. Anamvetsela mpaka pothela, kenako ananifunsa funso limene linanitseka pakamwa.

"Nanga nikasankha njelwa, n'kulephela kupeza sikolashipu cifukwa palibe wanichula, mudzanilipilila ndimwe?"

Sin'namuname. N'namuuza kuti malipilo anga sangakwanitse, komanso kuti mantha ake ni oona. Staudinger anali kale pulofesa wolandila malipilo pamene anali kusekewa. Kwolek anali na kampani yaikulu kumbuyo kwake. Mng'ono wanga ali na ine, na amayi amene amagulitsa tomato. Ndiye cifukwa cake nkhondo iyi siyenela kusiyilidwa mtsikana mmodzi wa zaka za m'ma 20. Amene ali na mphamvu yosintha sikelo si iye.

Pamene nilemba izi akalibe kusankha. Njelwa imodzi imene anabwela nayo kucokela kwa anyamata aja ili pakhomo pathu, ndiyo imagwila citseko kuti cisamenyeke na mphepo. Taipondapo, yaombewa na dzuwa, ana aichayapo na miyala. M'mawa wina n'namuona atagwada pamenepo, akuitembenuza, akuyangana ngati yayamba ming'alu. Sanadziwe kuti nimuona, ndipo sin'nakambe kanthu. November ali pafupi, ndipo ngalande ya kuseli kwa nyumba yathu yadzala kale mabotolo.